Mgolo wa Pino wa Mayi Cotterell

Nzeru zonse zopotoka za m'tauni ya Bicheno zimabadwira pa tebulo limodzi, lija lili pazenera m'bala ya kudoko. Iyinso inabadwira pomwepo, Lachiwiri masana, mvula ya m'nyanja ikuwaza magalasi.

Anakhalapo atatu. Woyamba anali Darcy Triffitt, amene anzake ankamutcha Chala chifukwa chala chimodzi anachisiya m'boti la nkhanu ali mnyamata. Wachiwiri anali Kelvin Pybus, wodziwika kuti Mphuno. Uyu anatsukapo matambula kwa milungu iwiri pa hotela ina ku Hobart, ndipo chibwerereni kumeneko sankamwa chilichonse asanachinunkhize, ngakhale tiyi. Wachitatu anali chimunthu chometa nkhosa, dzina lake lenileni ndi mayi ake okha ankalikumbukira. Ena tonse tinkangoti Thirakita.

Wamavuto anali Darcy. Mwana wake Shona ankakwatiwa Loweruka la sabata yotsatira, ndipo bambo a mnyamatayo anali dokotala wa mano ku Melbourne, a Fairbairn. Darcy anali asanawaonepo asewere akewo, koma anali atayankhula nawo pa foni kamodzi, ali ndi mabotolo atatu m'mimba. A dokotala anangoti, "Ndamva kuti kwanuko kuli vinyo wabwino," ndipo pakamwa pa Darcy panatseguka pokha.

"Za vinyo zisiyireni ine, asewere. Pino wa Mayi Cotterell. Mgolo wathunthu."

Mkazi wake Glenys, amene ankamvera ali kukhitchini, anagwetsa poto.

Pino wa Mayi Cotterell sanali vinyo woti munthu n'kungodzuka kukagula. Anali vinyo wofiira wa mphesa za pamtsetse woyang'ana nyanja, kumpoto kwa tauni, ndipo mahotela a ku Sydney ankamulanda asanalowe n'komwe m'mabotolo. Munthu ngati Darcy ankangomumvera pa wailesi.

"Ndiye wadzikoloweka wekha, aise," anatero Thirakita, akumaliza payi wachitatu.

"Wadzikoloweka chiyani, kape iwe?" Mphuno anakankhira matambula pambali, n'kuviika chala mu mowa wotayika, n'kuyamba kujambula pa tebulo. "Taonani kuno. Lachinayi ndi tsiku lomaliza kukolola mphesa kwa Mayi Cotterell. Gogo uja amalemba aliyense wokhala ndi manja awiri. Tikalowa ngati aganyu. Ikakwana twelofu, aliyense amakwera kumtunda kukadya phwando la zokolola. Migolo ili m'phanga lija anakumba m'munsi mwa phiri, chitseko chake sakhoma masana. Tiimika kapikapu ka Chala pakhomo, Thirakita akunkhuniza mgolo, tidutsa kanjira kakumunsi ka m'mbali mwa nyanja, mseu uwo. Akamaluma nyama yachiwiri ife tili kuno."

"Masana dzuwa likuswa mtengo?" anafunsa Darcy.

"Mbava zopusa ndi zimene zimaba usiku. Usiku kuli agalu, kuli mabelu. Masana kuli anthu okhuta."

Darcy anakanda pachitsa cha chala chake. Anali ndi mlandu wina wogona, wa injini ya boti imene inapezeka m'garaja mwake isakudziwa mmene inafikiramo, ndipo woweruza anamuuza mosapsatira kuti akadzaonananso, nsapato akazivulira kundende. Akagwidwa, Shona akayenda yekha m'tchalitchi. Koma akapanda kubweretsa mgolo, dokotala wa ku Melbourne akamuyang'ana ngati dzino lobooka.

"Nanga tidziwa bwanji mgolo wabwino?" anafunsa. "Mulitu migolo yambirimbiri."

Mphuno anagogoda mphuno yake katatu. "Ichi si chokongoletsa nkhope, mani."

"Phwandolo kuli nkhosa yootcha?" anafunsa Thirakita.

"Iwe sukadya."

"Ndangofunsa."

Lachinayi kunacha kozizira, mphepo ikuchokera kunyanja ngati ili ndi chifukwa ndi munthu. Anyamata athu anafika atavala zipewa zotsikira m'maso ndi magalasi akuda, ngakhale dzuwa linali lisanaganize n'komwe zotuluka. Anali atagwirizananso mayina abodza. Darcy anali Bambo Wilson ochokera ku Queensland.

Mayi Beryl Cotterell anali pachipata ndi kabuku, kamayi kafupi ka imvi, kovala majombo aakulu kuposa miyendo yake. Asanayambe kulima mphesa anaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kwa zaka makumi atatu.

"Dzina?"

"Wilson, mayi," anatero Darcy ndi mawu a m'mimba. "Wa ku Queensland."

"Darcy Triffitt, vula magalasiwo ungagwere m'ngalande. Glenys ali bwanji? Ndipo uyu ndi Kelvin uja ankadya choko? Tengani masizasi. Mzere wachisanu ndi chiwiri."

Mbava yanzeru ikanabwerera pomwepo. Koma Mphuno ananong'oneza kuti zimenezi zinali bwino kwambiri, chifukwa munthu sakayikira anthu amene akuwadziwa.

Chimene Mphuno anaiwala kujambula pa tebulo paja n'chakuti munthu wolowa ngati waganyu amagwira ganyu. Kuyambira seveni mpaka twelofu, amuna atatu amene msana wawo unali usanawerame chilowereni chaka, anawerama. Mphesa za pino ndi timatsango ting'onoting'ono tothinana, tobisala pansi pa masamba, pamsinkhu wa mawondo. Maukonde otchingira mbalame anali atawavundukula dzulo lake n'kuwaunjika kumapeto kwa mizere, ndiye mavu anali atabwera ndi abale awo onse. Darcy analumidwa pakhosi. Thirakita anadzicheka kawiri. Ndowa ikadzaza, kunkabwera ina.

"Iwe wamkuluwe!" Mayi Cotterell anatulukira kumbuyo kwa Thirakita. "Sukumeta nkhosa pano. Mphesa iyi khungu lake ndi lopyapyala ngati la khanda. Yakhala miyezi isanu ndi umodzi ikupsa pang'onopang'ono mu mphepo ya m'nyanjayi, usiku kuzizira, masana kuzizira, kuti ikome mmene ikomeramu, ndiye iwe uifinye ngati ukukama mbuzi? Uike m'ndowa, usaponye."

"Zoonadi mayi," Mphuno analowerera, atagwira tsango ku kuwala ngati dokotala. "Ine ndimawauza kuti mphesa ya pino imafuna chikondi. Ku Hobart kuja..."

"Kelvin, ndowa yako ili ndi masamba ambiri kuposa mphesa."

Pofika twelofu Darcy sankathanso kuimirira mowongoka. Belu litalira, aganyu onse anaponya masizasi n'kuyamba kukwera mtunda, kumene utsi wa nkhosa yootcha unali ukutuluka kuseri kwa shedi. Thirakita anatsatira ngati ng'ombe yaona msipu. Anzake awiri aja anachita kumugwira lamba.

M'phanga munali mdima ndi kuzizira, ndi fungo la matabwa onyowa. Migolo inagona m'mizere mpaka mkati, uliwonse uli ndi zolemba za choko. Darcy anaima pakhomo kulondera.

"Fulumira, Mphuno."

"Luso silithamangitsidwa."

Mphuno anayenda pakati pa migolo manja ali kumbuyo, akununkhiza uku ndi uku ngati galu wa apolisi. Anazula chitsekero cha mgolo woyamba, n'kulowetsa mphuno, n'kupukusa mutu. Wachiwiri anati ngwaukali. Wachitatu anati ulibe khalidwe. Kenako anaima pa mgolo umene unali wokhawokha pafupi ndi khomo, patali ndi inzake.

"Uwu."

"Chifukwa?"

"Taganiza, Chala. Bwanji auika pawokha? Bwana amakhala pa benchi limodzi ndi antchito?"

Thirakita anawerama n'kuwerenga choko pang'onopang'ono. "H. Thuu. O. Ndiye kuti chiyani?"

"H ndi Hobart, kumene unakapambana mphoto. Thuu ndi zaka ziwiri."

"Nanga O?"

"O ndi mmene pakamwa pa munthu pamakhalira akalawa."

Mphuno anatulutsa kapaipi m'thumba, n'kuyamwa, n'kudzaza kapu ya pulasitiki imene anabwera nayo. Zimene zinatuluka zinali zotuwa, zofiirira pang'ono chabe, moti Darcy ankaona chala cha Mphuno kuseri kwa kapu.

"Koma sakufiira," anatero Darcy.

"Umbuli ndi matenda. Pino weniweni safiira ngati magazi a ng'ombe. Akamatuwa ndiye kuti ngwapamwamba." Mphuno anazunguza kapu, n'kutseka maso, n'kumwa, n'kuchukucha m'kamwa kwa nthawi yaitali. "Aaa. Wofatsa. Waulemu. Sakuchita phokoso."

Darcy analawako. "Sindikumva kanthu, aise. Kafungo ka machesi basi."

"Ndiye ulemu wakewo! Vinyo wa anthu olemera samveka. Iwe unazolowera zija zokanda pakhosi. Dokotala wa ku Melbourne akalawa uyu akagwetsa misozi."

Liwu loti dokotala linathetsa nkhani. Darcy anathamangira kapikapu, n'kukabweza mpaka pakhomo. Anatsamiritsa matabwa awiri, Thirakita n'kuika phewa. Mgolo wodzaza umalemera ngati ng'ombe yaikazi, ndipo thabwa limodzi linalira ngati likufa, koma unakwera. Chingwe anali ataiwala, ndiye Thirakita anakhala kumbuyo n'kuukumbatira.

"Zatheka!" Mphuno anamenya dashibodi. "Ndinakuuzani ine. Ponda moto, Chala!"

Apa m'pamene nyanja inalowerera. Amene anakhalapo kugombe kuno amadziwa kuti chifunga sichipempha chilolezo. Chimadzuka pamadzi, n'kukwera mtsetse mwakachetechete, n'kuphimba mphesa zonse. Mayi Cotterell ankachikonda ngati mwana wawo, ati ndicho chimateteza mphesa kuti zisapse ndi dzuwa. Pamene Darcy ankakhota kulowa kanjira kakumunsi, chifunga chinali pa mpanda. Atasintha giya, chinali pa boneti. Kenako boneti inasowa.

"Sindikuona kanthu!"

"Pita molunjika."

"Molunjika ndi kuti?"

Anayenda ngati kamba, mitengo ya mphesa ikukwecha m'mbali. Mzere uliwonse unali wofanana ndi unzake. Anafika pa waya, n'kubwerera. Anakhota, n'kufika pa waya wina, kapena yemweyo. Mphuno anatsitsa galasi n'kutulutsa mutu.

"Ndikumva fungo la nyanja kumanzere."

"Nyanja ili paliponse, Mphuno! Tili m'kati mwake!"

Pamenepo denga la galimoto linagunda. Anali Thirakita, akumenya ndi chikhato.

"Kumanja!" anakuwa. "Ine kuno ndikumva bwino. Kumanja!"

Darcy anakhotera kumanja. Munthu womira amagwira ngakhale mpeni.

"Pitirira! Kumanjanso! Eya, komweko, komweko!"

Mawu a Thirakita anali ndi chikhulupiriro chimene Darcy anali asanachimvepo mwa iye, ndipo anayamba kulimba mtima. Zoti galimoto ikukwera mtunda m'malo motsika anaziona, koma anaganiza kuti mwina chifunga chimasokoneza ndi miyendo yomwe. Penapake anaponda chinthu chofewa. Galimoto inayamba kulemera, kenako kulira pansi, kenako china chake choyera chinakwera pa galasi lakutsogolo. Unali mulu wa maukonde a mbalame. Anaukoka wonse, ukudzikulunga ku matayala, ukukwera pa zitseko, mpaka kapikapu kanatsokomola kawiri n'kuzima.

Kunangoti zii.

"Tili pa mseu?" ananong'oneza Darcy.

Anakankha chitseko. Sichinatseguke. Ukonde unali utawamanga ngati nsomba.

Kamphepo kanawomba, chifunga n'kung'ambika pakati. Masitepe khumi kutsogolo kwawo kunali tebulo lalitali la nsalu yoyera. Mozungulira munali anthu makumi anayi, aliyense foloko ili m'mwamba, onse akuwayang'ana. Pambali pake nkhosa inali ikuzungulira pa makala.

"Tafika," anatero Thirakita ali kumbuyo, mokhutira.

Kumutu kwa tebulo kunali Mayi Cotterell. Kudzanja lawo lamanja kunali mkamwini wawo, Wignall, wapolisi yekhayo wa dera lonselo, atakoloweka kansalu pakhosi, nthiti ya nkhosa ili m'manja. Anali pa tchuthi, ndipo nkhope yake inkapempha dziko lonse kuti limusiye akhale pa tchuthi.

M'maganizo mwake Darcy anaona tchalitchi, anaona Shona atavala zoyera akuyenda yekha, anaona Glenys. Mantha amanola mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, Darcy Triffitt anaganiza mofulumira. Anatsitsa galasi, n'kukankhira nkhope pa ukonde.

"Mayi! Takubweretserani mgolo! Tinaona ngati vinyo achepa patebulo, anthu achulukawa, ndiye tinati tithandize."

Mayi Cotterell anadzuka, n'kuzungulira galimoto pang'onopang'ono, majombo akulira. Anayang'ana mgolo, anayang'ana choko, kenako anagwira mbali ya galimoto n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwachita bwino, ana anga. Koma madzi tili nawo kale patebulo."

"Madzi?" anatero Darcy.

"Mgolo ukakhala wopanda vinyo timaudzaza madzi ndi sulufule kuti matabwa asaume. Uwu ndinatsanula vinyo wake Lolemba. Ndi madzi otsukira, Darcy. Kufiirako ndi zotsalira za m'matabwa."

Tebulo lonse linaphulika ndi kuseka. Wignall anausa moyo ngati munthu wakhululukidwa machimo. Anthu atatu opusa onyamula madzi kuwabweretsa ku phwando si mlandu m'buku lililonse. Anakweza nthiti ija kupita nayo kukamwa. Darcy anatseka maso n'kuthokoza Mulungu amene anali asanamuyankhule chikwatireni.

"Bodza!"

Anali Mphuno. Anali atatulutsa mutu pa bowo la ukonde, nkhope itafiira kuposa zimene zinali mu mgolo.

"Mphuno, khala chete," anatero Darcy ndi m'mano.

"Sindikhala chete! Gogoyu akufuna kundinyoza pagulu! Uyu ndi pino wa zaka ziwiri, wopambana mphoto ku Hobart, ndamulawa ndekha!"

"Kelvin, mwana wanga, ndi madzi."

"Madzi? Inu mukuganiza kuti ine ndingakonze pulani masiku awiri, kuwerama m'mawa wonse, kulumidwa ndi mavu, kudikira kuti nonse mukwere kuno kudzadya, kuti ndidzabe madzi? Ine? Tinabwera kudzaba vinyo wapamwamba ndipo taba vinyo wapamwamba! Pakanapanda chifungachi bwenzi pano tili ku Bicheno!"

Nthiti inaima panjira. Wignall anaiyang'ana kwa nthawi yaitali, mwachisoni, n'kuibwezera m'mbale. Anachotsa kansalu pakhosi, n'kukapinda bwinobwino.

"Kelvin," anatero, "tabwerezanso pang'onopang'ono, ndipeze cholembera."

Zinatenga aganyu asanu ndi mmodzi ndi masizasi awo kuti awadule mu ukonde. Atangotuluka, Mphuno anaitanitsa tambula yeniyeni, n'kuidzaza kuchokera mu mgolo uja, n'kuimwa yonse anthu akuona. Anadzazanso yachiwiri. Yachitatu sanaimalize, chifukwa sulufule anayamba ntchito yake, ndipo katswiri wa ku Hobart anathamangira kuseri kwa shedi atagwira pamimba. Thirakita anafunsa wapolisi ngati munthu womangidwa amaloledwa kudya. Wignall anati palibe lamulo loletsa, ndipo awiriwo anakhala pansi moyandikana.

Darcy anakhala pa sitepe ya galimoto, mutu uli m'manja. Majombo aja anadzaima patsogolo pake.

"Unkaufuniranji mgolo wathunthu? Iwe vinyo sumwa."

Anawauza zonse: foni, dokotala, ukwati.

"Shona akukwatiwa? Shona uja ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake?" Mayi Cotterell anamumenya pamutu ndi kabuku kaja. "Chitsiru cha munthu. Ukanangobwera kudzagogoda, ndikanakupatsa makatoni awiri ngati mphatso ya mwanayo. Unali ndi pakamwa pa foni, bwanji unalibe pakamwa pa khomo langa?"

Anamupatsira tambula imene inali m'manja mwawo. "Imwa, udziweko chimene umafuna kuba."

Darcy anamwa. Poyamba sanamve zambiri. Kenako zinabwera mwakachetechete, kukoma kwa zipatso zakupsa, kafungo ka dothi mvula itangogwa, ndi kuzizira kwina kofatsa kumene kunatsala pa lilime iye atameza kale. Anayang'ana m'tambula, n'kuyang'ana kumunsi kumene chifunga chinkabwerera kunyanja pakati pa mizere imene inamuthyola msana. Anafuna kunena kanthu kanzeru.

"Akomadi," anatero.

"Ndikudziwa. Bweretsa tambulayo, wapolisi akukudikira."

Belo anapatsidwa tsiku lomwelo, Glenys atabwera kudzasaina osayankhula liwu limodzi, zimene zinamuopsa Darcy kuposa ndende. Mlandu unadzakambidwa patapita mwezi. Woweruza anawerenga chikalata kawiri, n'kuvula magalasi, n'kupempha kuti khoti lipume kaye mphindi zisanu, ndipo anthu anamumva akuseka kuseri kwa chitseko. Atabwerera ananena kuti sangawononge chakudya cha kundende pa anthu oba madzi n'kuwabweza okha kwa mwini wake. Anawalamula kukadulira mphesa za Mayi Cotterell nyengo yonse yozizira, m'mphepo ya Julayi. Mpaka lero Mphuno amalimbikira kuti gogo uja anasinthanitsa migolo m'chifunga.

Koma ukwati unachitika nkhani ya kukhoti isanafike, ndipo Darcy anayenda ndi mwana wake m'tchalitchi, chilonda cha mavu chitabisika m'kolala. Makatoni awiri anafika m'mawa wa tsikulo, ndi kakalata kolembera Shona yekha. Kumadyerero, Darcy anatenga botolo ndi manja awiri ngati wanyamula khanda, n'kulunjika pamene anakhala a Fairbairn, kabambo kadazi kamanyazi kamene kanali kakuseweretsa supuni.

"Asewere," anatero mokweza kuti matebulo oyandikana amve, "pino wa Mayi Cotterell, monga ndinalonjezera."

A dokotala anaphimba tambula yawo ndi dzanja.

"Pepani kwambiri, asewere, mwavutikiranji? Ine vinyo sindimwa, amandipweteketsa mutu. Paja pa foni ndinkangofuna poyambira macheza. Kaya mungandipezereko madzi?"

Darcy anaima botolo lili m'manja. Glenys, amene anali asanamuyankhule kwa masiku asanu ndi anayi, anaweramira kwa mlendoyo n'kumwetulira.

"Mwafunsa munthu woyenera, adokotala. Bambo a Shona akatunga madzi, amatunga mgolo."